Kodi nzeru zosankha chochita mlengalenga zimaphunzitsidwa, kapena zimangobwera ndi maola?

Wophunzira wa Cessna:

Akuluakulu amene mumadziwa za ndege, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa masabata awiri. Ndikuphunzira kuyendetsa ndege pabwalo lina laling'ono kufupi ndi Johannesburg, ndipo ndatsala pang'ono kukwanitsa maola 45 amene amafunika munthu asanayesedwe mayeso a laisensi yoyamba. Tsiku lina ndinauluka ndekha ulendo wautali pa ndege yaing'ono ya Cessna 172, ndipo pobwerera ndinapeza mitambo yatsika kuposa mmene lipoti la zanyengo linanenera mmawa. Sindinakhote. Ndinatsitsa ndege pang'ono kuti ndikhale pansi pa mitamboyo, patapita mphindi zochepa ndinatsitsanso, kenako ndinatsitsanso kachitatu, kufikira ndinayamba kuona bwinobwino mawaya a magetsi ndi ng'ombe zili m'khola, uku timadontho ta mvula tikuyenderera pagalasi. Mphindi khumi zisanachitike izi ndinali nditadutsa bwalo lina pamene kunja kunali koyera, koma mumtima ndinkangoti kwathu n'pafupi, ndege ikufunidwa ndi wophunzira wina masana, ndipo ndalama zolipirira ola lina ndinalibe.

Ndinatera bwino, ndipo kunena zoona ndinatuluka mundege ndikudzimva kuti ndine katswiri. Mphunzitsi wanga atamva nkhaniyi sanandikalipire. Anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kundifunsa kuti, kodi unasankha pa mphindi iti kuti upitirize ulendo? Ndinasowa choyankha, chifukwa panalibe mphindi imene ndinasankha, ndinangopitirira basi. Funso langa ndi ili: kutera, kukhota ndi kuwerenga mapu amatiphunzitsa mobwerezabwereza mpaka manja atazolowera, nanga nzeru zodziwa nthawi yobwerera amaziphunzitsa bwanji? Kapena munthu amangoyembekeza kuti maola akachuluka zibwera zokha, ngati atapulumuka mpaka nthawi imeneyo?

Mlangizi Wopuma:

Mwanawe, choyamba uthokoze mphunzitsi wakoyo, chifukwa funso limene anakufunsa ndi lomwe ine ndinkafunsa ophunzira anga kwa zaka zambiri, ndipo ambiri ankaliyankha monga wayankhira iwe. Choopsa pa ulendo wako si mitambo yokha ayi, koma kuti unatera bwino. Munthu akachita chinthu choopsa n'kupulumuka, mtima wake umalemba kuti njira imeneyi ndi yabwino, ndipo ulendo wotsatira amatsika mafiti ena mazana awiri popanda ngakhale kugunda mtima. N'chifukwa chake sindivomereza zoti maola okha amabweretsa nzeru. Ndinaonapo anthu a maola zikwi zingapo amene ankangobwereza chizolowezi choipa chimodzimodzi, kusiyana kwake kunali kwakuti ankachichita molimba mtima kuposa ophunzira.

Ndikuuze chimene chinali kukudikira mkati mwa mtambo umene unkauzembawo. M'chaka cha 1954, a University of Illinois anatenga oyendetsa ndege 20 amene sanaphunzire kuuluka podalira zipangizo za mundege, n'kuwatsekera kuti asaone kunja. Onse analephera kuilamulira ndegeyo, ndipo pa avereji zinawatengera masekondi 178 okha. Chimene chimachitika n'chakuti maso akasiya kuona pamene thambo lakumana ndi dziko, khutu lamkati limayamba kunama. Ndege ikapendekeka pang'onopang'ono thupi silimva kanthu, ndipo ukaiwongola, thupi limakuuza kuti tsopano wapendekekera mbali inayo, moti umaibwezeranso mmene inalili. Mphuno imatsika, liwiro limakwera, iwe n'kukoka chiwongolero, ndipo kukokako kumangopanikiza kukhotako. Zonsezi zimachitika munthu ali ndi chikhulupiriro chonse kuti akuuluka mowongoka.

Tsopano za kaphunzitsidwe. Ine ndinkagwira ntchitoyi m'njira ziwiri, ndipo yoyamba inkachitikira pansi, injini isanalizidwe. Wophunzira aliyense ndinkamulembetsa malire ake papepala ndi dzanja lake: mitambo ikakhala pansi pa mafiti akuti sindinyamuka, mphepo yopingasa ikaposa pakuti sinditera, mafuta akatsala a nthawi yakuti ndikutera pabwalo lapafupi kaya kwathu kukuoneka. Malire amenewa ankakhala okhwima kuposa a lamulo, pakuti a lamulo sanalembedwe poganizira munthu wa maola 40. Pamapu ankajambulanso mizere iwiri kapena itatu yodula njira yake, ndipo akafika pa mzere uliwonse ankayenera kunena mokweza, ngakhale ali yekha, kuti ndikupitirira chifukwa chakuti ndi chakuti, kapena ndikubwerera. Cholinga chake ndi chomwe chinasoweka pa ulendo wako: kupitirira kusanduke chinthu chosankhidwa, chokhala ndi nthawi yake ndi chifukwa chake. Munthu amene ali pampando wa muofesi ndi kapu ya tiyi amaganiza bwino kwambiri kuposa munthu yemweyo ali pansi pa mtambo akuwerengera ndalama za ola lina, choncho wa tiyiyo ndiye azimulamula mnzakeyo.

Njira yachiwiri inali yovutirapo kwa ine mwini, chifukwa inkafuna kuti nditseke pakamwa. Aphunzitsi ambiri amawononga ophunzira posankha m'malo mwawo. Nyengo ikaipa, mphunzitsi ndiye amati lero sitiuluka. Ndege ikabwera mokwera kwambiri potera, mphunzitsi ndiye amati kweza tizungulirenso. Wophunzira amafika tsiku louluka yekha asanasankhepo kanthu chiyambire. Ine ndinkati ndikaona mitambo ikuunjikana kutsogolo, ndipo ndikudziwa kuti tili ndi mpata wokwanira wobwerera, ndimangopinda manja n'kumayang'ana pawindo ngati mlendo. Ena ankandiyang'ana kuti aone nkhope yanga ikuti bwanji. Ndinkawauza kuti ine ndine malume ako ochokera kumudzi, ndege sindiidziwa, ndipo ndachedwa ku ukwati. Kenako ndinkayamba kuwaumiriza monga achitira okwera enieni: tatsala pang'ono, mwana wanga, ukufuna undichititse manyazi pamaso pa anthu? Amene ankandimvera ndinkawalanda ndege tisanafike poopsa, ndipo tikatera tinkakhala pansi ola lathunthu kufufuza mphindi imene maganizo awo anapotokera. Amene ankandikana n'kukhota ndinkawagulira chakudya.

Pali chinanso chimene ndinkachikhomereza, ndicho kuti pa vuto lililonse ntchito yoyamba ndi kuyendetsa ndege, yachiwiri kudziwa kumene uli ndi kumene ukupita, kulankhula pawailesi n'kwachitatu. Mu December 1972 ndege ya Eastern Air Lines, mtundu wa L-1011, inagwera m'dambo la Everglades ku Florida usiku ndipo anthu 101 anafa, pamene onse a kutsogolo anali kalikiliki ndi babu limene linapsa, losonyeza ngati tayala lakutsogolo latsika. Tayalalo linali litatsika bwinobwino, koma panalibe amene ankayang'ana kuti ndegeyo ikutsika pang'onopang'ono. Ndikamaphunzitsa ndinkagwetsa dala pensulo pansi pa mpando panthawi yotera, kapena kufunsa funso lopanda pake, kuti ndione ngati wophunzirayo angandiuze kuti dikirani kaye.

Wampando wa Kumanja:

Bambo Mlangizi, zimene mwanena za malire olembedwa papepala ndikuzivomereza ndi mtima wonse, ndipo nkhani ya malume opita ku ukwati yandikumbutsa mphunzitsi wanga woyamba. Komabe ndikufuna kuonjezera mbali imene sukulu zing'onozing'ono zimaisiya, poganiza kuti ndi ya ife a ndege zikuluzikulu. Mchimwene wathuyu lero akuuluka yekha, koma akadzalembedwa ntchito adzakhala kumanja kwa kaputeni wamsinkhu wa bambo ake, ndipo tsiku lina adzaona kaputeniyo akulakwitsa. Ife tinaleredwa kuti mwana sadula mawu a wamkulu, ndipo chimenechi ndi chabwino pabwalo la kumudzi, koma kutsogolo kwa ndege chapha anthu ambiri, ngakhale m'mayiko amene ulemu wotere suli wozama ngati kwathu.

Pa 27 March 1977, pabwalo la Los Rodeos pachilumba cha Tenerife, ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinagundana mu nkhungu ndipo anthu 583 anafa. Kaputeni wa KLM, amene anali mmodzi wa aphunzitsi akuluakulu a kampaniyo, anayamba kuthamangitsa ndege asanaloledwe kunyamuka. Injiniya amene anakhala kumbuyo kwake anafunsa ngati ndege inayo inali itachoka mumsewu wonyamukira, kaputeni anayankha motsimikiza kuti inde, ndipo nkhani inathera pomwepo. Chaka chotsatira, mu December 1978, DC-8 ya United Airlines inazungulira pafupifupi ola lathunthu kufupi ndi Portland akulimbana ndi vuto la matayala, mpaka mafuta anatha ndipo inagwera pakati pa nyumba za anthu. Anzake a kaputeni anatchulapo za mafuta, koma mwa mawu ozungulira amene sanamulowe m'mutu. Ngozi zimenezi ndi zimene zinabala maphunziro a kugwirira ntchito limodzi kutsogolo kwa ndege amene timawatcha CRM, ndipo United inayamba kuwaphunzitsa mu 1981.

Chimene amatiphunzitsa n'chosavuta kuchimva koma chovuta kuchichita. Umayamba ndi kunena chimene ukuona, mwachitsanzo kuti liwiro latsika. Ngati sakumva, umanena kuti zikukudetsa nkhawa ndipo umapereka chochita. Ngati sakumvabe, umamutchula udindo wake n'kulamula mosapsatira kuti akweze ndege, ndipo pamapeto pake uli ndi ufulu wogwira chiwongolero. Tsiku langa loyamba kuchita izi mu simulator, makina oyesezera kuuluka munthu ali pansi, pakamwa panauma ngakhale ndinkadziwa kuti pansi pathu ndi simenti ya nyumba. Kaputeni amene ankandiyesa anapitiriza dala kutsika ndi liwiro lolakwika, ine n'kumangoti mwina tingaonjezere pang'ono, mwina. Anaimitsa makinawo n'kundiuza kuti mawu akuti mwina ndiwasiye kunyumba. Ndikuona kuti wophunzira ayenera kuyamba kuzolowera zimenezi pa Cessna pomwepo, mphunzitsi azilakwitsa dala kuti aone ngati adzudzulidwa.

Pamene ndikusiyana nanu pang'ono, Bambo, ndi pa nkhani ya nthawi. Mavuto ena amapereka mpata woganiza, ena sapereka, ndipo wophunzira ayenera kudziwa kusiyanitsa. Pa 15 January 2009, Airbus A320 ya US Airways itangonyamuka pabwalo la LaGuardia ku New York inagunda atsekwe ndipo injini zonse ziwiri zinasiya kukoka. Chesley Sullenberger ndi Jeffrey Skiles anali ndi mphindi zosakwana zinayi, ndipo anateretsa ndegeyo pamtsinje wa Hudson, anthu onse 155 n'kupulumuka. Ofufuza atayesa mu simulator anapeza kuti ena ankatha kubwerera pabwalo ngati akhota nthawi yomweyo, koma ataikapo masekondi 35 oti munthu azindikire chimene chachitika, kubwererako kunalephereka. Pa vuto lotere palibe nthawi yoyala njira zisanu n'kumazisanthula. Chimene chimakupulumutsa ndi zimene unaziyeseza kufikira zinalowa m'magazi. Koma pali mavuto ena amene kufulumira ndiko kumapha. Mu January 1989 ku Kegworth ku England, Boeing 737 ya British Midland inawonongeka injini yakumanzere, oyendetsa anazimitsa yakumanja imene inali yabwino, ndipo anthu 47 anafa. Okwera ena anaona moto kumanzere, anamva kaputeni akulengeza za injini yakumanja, koma anaganiza kuti akatswiri akudziwa zimene akuchita. Choncho funso loyamba limene timaphunzitsidwa kudzifunsa ndi lakuti, ndili ndi nthawi yochuluka bwanji? Mitambo ya mchimwene wathuyu inali ya gulu lopereka mpata woganiza: inamupatsa mphindi khumi zathunthu.

Wa ku Nsanja:

Ine sindiyendetsa ndege, ntchito yanga ndi kulankhula nanu pawailesi, ndipo ndili ndi dandaulo limodzi kwa aphunzitsi. Ophunzira anu amatiopa ngati apolisi a pamsewu. Mawu a munthu amene wasochera kapena wapanikizika ndi nyengo timawazindikira ngakhale akuyesetsa kudzilimbitsa: amayankha mochedwa, amabwereza nambala molakwika, amati zonse zili bwino ndi mpweya wa m'mwamba. Tikamufunsa ngati akufuna thandizo amakana, poopa kuti alembedwa lipoti ndipo kusukulu akamuseka. Achimwene, mukadaitana tsiku limenelo n'kunena kuti ndinu wophunzira, muli nokha ndipo mitambo ikukutsekerani, munthu wa pawailesi akadakuuzani bwalo lapafupi limene kuli koyera, njira yolowera kumeneko, ndi kumene kuli mapiri ndi milongoti. Pepala limene mungalembe pambuyo pake ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi limene ena akadalemba za inu.

Mawu ake aliponso, ndipo anasankhidwa kuti asasokonezeke ndi china chilichonse. PAN PAN katatu ndi pa vuto lofunika changu, MAYDAY katatu ndi pamene moyo uli pachiswe. Nambala ya 7700 pa transponder, kachipangizo ka mundege kamene kamatumiza nambala kwa ife a pansi, imatiwonetsa kuti muli m'mavuto ngakhale musanalankhule, ndipo 121.5 ndi nambala ya pawailesi imene mungaitanirepo mukasowa wokumvani. Mu January 1990, Boeing 707 ya Avianca inazungulira nthawi yoposa ola ikudikira kutera ku New York. Oyendetsa ananena kuti mafuta akutha ndipo anapempha kuti atsogozedwe, koma mawu olengeza ngozi sanawatchule, choncho a pansi sanazindikire kukula kwa vutolo. Injini zinazima, ndegeyo inagwa ku Cove Neck, ndipo anthu 73 anafa. Ndikadakonda kuti wophunzira aliyense atchule MAYDAY mokweza kangapo ali ndi mphunzitsi wake, wailesi ili yotseka, kuti lilime lisadzachite chibwibwi tsiku lenileni.

Ndinenenso ndi ulemu wonse kuti nkhani ya mitambo yotsika si ya kutali kwa ife. Tonse tikukumbukira 10 June 2024, pamene Dornier 228 ya asilikali inachoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu n'kugwera m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anthu asanu ndi anayi anatisiya, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza analemba kuti ndegeyo, imene inkauluka modalira kuona kunja, inalowa m'nyengo yosaoneka bwino n'kugunda malo okwera. Aliyense amene anadutsapo pamsewu wa Chikangawa m'miyezi yozizira akudziwa mmene nkhungu imatsekera mitengo ya paini mwadzidzidzi. Achimwene, mukadzabwerera kumudzi ndi laisensi yanu mudzauluka pamwamba pa Viphya, Nyika, Zomba ndi Mulanje, kumene pansi pamakwera kudzakumana nanu, ndipo chiperoni sichiyang'ana kuti mwanyamula yani.

Wophunzira wa Cessna:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri konse. Bambo Mlangizi, ndalemba malire anga ndipo ndawaonetsa mphunzitsi wanga, amene wakweza nambala ya mitambo ndi mafiti ena 500 n'kusainira m'munsi. Koma ndili ndi nkhawa ina. Ngati ndizingobwerera nthawi iliyonse ndikaona mtambo, kodi sindidzakhala woyendetsa wamantha amene palibe kampani ingamulembe ntchito? Kuno nyengo ya dzinja pafupifupi masana aliwonse mitambo ya mabingu imaunjikana, ndipo anzanga ena amanyamukabe n'kubwerako bwino.

Mlangizi Wopuma:

Anzakowo alinde madzi apite ndipo adziti tadala. Malire amene walemba si a moyo wonse. Amasunthidwa, koma amasunthidwa ndi maphunziro, uli pansi, mogwirizana ndi mphunzitsi, osati uli mlengalenga chifukwa kwanu kwayandikira. Ukadzaphunzira kuuluka ndi zipangizo ndipo ukadzakhala m'ndege yokhala ndi zoyenerera, mtambo umene lero ukuuthawa udzaulowa mwalamulo. Wa mabingu wokha ndiye sudzaulowa ngakhale uli kaputeni wa Boeing, chifukwa nawonso amauzungulira patali. Pa mitambo ya masanayo, mankhwala ake ndi kunyamuka mmamawa n'kukhala utatera dzuwa lisanapendeke, ndiponso kukumbukira kuti mabwalo a kumeneko ali pamwamba kwambiri, ena kuposa mafiti 5,000, moti kukatentha Cessna yako imathamanga mtunda wautali isananyamuke ndipo imakwera mwaulesi.

Mayi a kumpando wa kumanja anena zoona pa nkhani ya nthawi, ndipo ndikuvomera kuti ndinaisiya. Pali vuto limodzi la gulu lofulumira limene uyenera kulisankhira yankho usanalowe mumsewu wonyamukira, ndilo injini kuzima utangonyamuka. Mtima umafuna kukhotera kumbuyo kumene kuli bwalo, koma pansi pakakhala pafupi kukhota kumeneko kumadya liwiro ndi kutalika komwe ulibe, ndipo ambiri afera pamenepo. Pempha mphunzitsi wako kuti mukwere pamwamba pabwino, mubweze mphamvu ya injini, muwerenge masekondi anayi osachita kanthu monga achitira munthu wodzidzimuka, kenako mukhote ngati mukubwerera pabwalo, ndipo muone mafiti amene mwataya. Nambala imeneyo uilembe pa pepala lomwe lija, ndipo nthawi iliyonse usananyamuke uzinena mokweza kuti pansi pa mafiti amenewa nditsitsa mphuno n'kutera kutsogolo. Loweruka likudzali, m'malo mobwereza ulendo uja wekha, pita naye mphunzitsiyo njira yomweyo, mukafike pa bwalo limene unalidutsa lija ndipo mukaterepo, kuti udziwe kumene msewu wake waloza, mafuta amagulitsira pati, ndi nambala ya foni imene ungaimbe ukafuna kugona kumeneko.